Alamu, za zithunzi za kuchinkhoswe zija

Eee alamu, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupa, loti bwanji zithunzi za kuchinkhoswe ku Chinamwali zina zatuluka bwino zina zili mbuu, chonsecho kamera ndi yomweyo, holonso yomweyo. Ndati ndingolankhula, kulemba ndichedwa.

Mtima m'malo, kamera yanu sinafe ayi. Ndipo mwachita bwino kutumiza zitatuzo ngati document, chifukwa mukangoponya wamba WhatsApp imachifinya chithunzi n'kufufutanso manambala osonyeza mmene kamera inajambulira, ine sindikanaona kanthu.

Tsegulani chija cha azakhali akuvina ndi lichero, muchikulitse. Mwaona makatani akumbuyowo? Akuoneka mpaka makwinya. Koma manja ndi nkhope ya azakhali zili ngati wina wapaka ndi chala. Pamenepo ndiye pagona nkhani. Munali pa Auto, eti? Kamera ikaona mdima imachedwa kutseka shutter kuti kuwala kulowe kokwanira, ndipo chimenechi inajambula pa 1/30, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi. Kwa munthu wongokhala phee zimatheka, n'chifukwa chake cha ankhoswe ali pamipando chatuluka bwinobwino. Koma munthu ali pakati povina, ndalama zikuponyedwa uku ndi uku, 1/30 singamugwire ngakhale pang'ono.

Ndiye chokani pa Auto. Yanuyo ndi Nikon, tembenuzani kagudumu kaja kafike pa S, pomwe mumasankha nokha liwiro la shutter, a Canon amati Tv. Ikani 1/250, ISO muikweze kuti chithunzi chisade, 1600 kapena 3200. Ndikudziwa mumaopa timchenga tija timaoneka pachithunzi, inenso poyamba ndinkaopa. Koma alamu, timchenga timachepetseka pa kompyuta, ndipo azakhali sangatione n'komwe. Nkhope yopakika ndiye palibe angaikonze, yapita imeneyo, ndipo chinkhoswe sachita kawiri.

Chinanso ndi lenzi yanu ya 18-55. Ili pa 18 imatseguka f/3.5, mukakoka zoom mpaka 55 imabwerera pa f/5.6, kuwala kolowa sikukwananso ndi theka lomwe. Ndiye mukaima kumbuyo kwa holo n'kumakoka, mukudzimana nokha. Senderani pafupi poyenda ndi miyendo yanu, musachite manyazi, wojambula amadutsa pakati pa anthu. Ndipo VR yalembedwa palenzipo imangothandiza kunjenjemera kwa manja anu, siimitsa wovina.

Chachitatu chija, cha mkwatibwi, vuto lake ndi lina. Mabaluni akumbuyo ali ngwee, iye mbuu. Kamera inasankha yokha poyang'ana, ndipo mumdima imathamangira chowala. Ikani kadontho kamodzi ka focus, mukalozetse padiso la munthu. Ngati akuyenda kubwera kwa inu, ikani AF-C izimutsatira.

Flash mukabwereka yoika pamwamba ija, iyang'anitseni kudenga ngati pali siling'i yoyera komanso yotsika. Holo ya malata okhaokha kuwalako kumangotayika, bola kumangirira kakhadi koyera kumutu kwake. Shutter yokha musapyole 1/200 mukayatsa flash.

Oo, ndisaiwale, Zomba wathuyu ndi kuzizira kwake. Ine tsiku lina mu Juni ndinajambula akwati m'mawa ku Chawe kuli chifunga, kenako n'kutsika kulowa m'holo yodzaza anthu, yotentha. Lenzi inachita nthunzi, zithunzi zoyambirira zonse ngati za mu utsi, ndipo mpaka pano zimandiwawa. Mukachoka pozizira dikirani kaye pang'ono, muyang'ane galasi, mupukute ndi kansalu kofewa, osati malaya.

Loweruka madzulo bwerani nayo kuno ku Matawale. Tidzatseka makatani pabalaza, ana aziyimba n'kumavina, muzijambula nokha ine ndili pambali mpaka dzanja lizolowere. Batire mudzaze. Apatseni moni achemwali.