Musanachotse Scratch 2 m'makompyuta a anawo

Aphunzitsi, musachotse kaye Scratch 2, pulogalamu imene ana amapangira magemu polumikiza mabuloko, m'makompyuta a kalabu yanuyo, chonde. Nditangowerenga funso lanu loti kodi muichotse n'kuika Scratch 3 yatsopanoyi, mtima wandibwerera ku 2019, ndipo chimene chinandiwawa chaka chimenecho sichinapolebe.

Ife tinali ndi makompyuta 9 a Windows 7, aja timalandira atatopa kale kumene achokera. Intaneti panalibe. Tinkagwiritsa ntchito Scratch 2 ya offline, ija imafuna Adobe AIR kuti iyende, ndipo inkayenda bwino ndithu. Scratch 3 inali itatuluka pa 2 Januwale chaka chomwecho, ndinamva, koma ndinati tione kaye chifukwa ana a Standade 6 ndi 7 anali pakati popanga magemu oti adzaonetse makolo.

Ndiye kunali mnyamata wina ankabwera kudzatithandiza, dzina sinditchula. Anaphunzira za makompyuta kukoleji, ahedi ankamukhulupirira kwambiri mpaka anamupatsa makiyi a chipindacho. Lachinayi madzulo ine nditaweruka, iye anatolera ntchito zonse za ana pa flashi, n'kumazitsegula imodziimodzi pa laputopu yake mu Scratch 3, n'kumaziseva mwatsopano. Paja Scratch 3 imatsegula fayilo ya .sb2, yomwe ndi ya Scratch 2, popanda vuto, koma ikaseva imatulutsa .sb3, ndipo Scratch 2 siidziwa .sb3 ngakhale pang'ono. Ukawoloka, wawoloka. Kenako anafufuta ma .sb2 onse, akuti asasokoneze ana, n'kuika ma .sb3 m'mafoda mwawo. Anachotsanso Scratch 2 ndi AIR pamakina onse. Poti aike Scratch 3, zinakanika, chifukwa ya offline inkafuna Windows 10. Anangotseka chitseko n'kumapita. Osandiimbira, osasiya ngakhale kakalata patebulo.

Lachisanu ndinapeza mphaka uja, chizindikiro cha Scratch, palibe pa sikirini iliyonse. Mwamwayi installer ndinali nayo pa flashi yanga, ndiye ndinakhala mpaka mdima kubwezeretsa Scratch 2 pamakina onse 9. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo. M'mafoda mwa ana sindinasuzumiremo, ndinkangoti mafayilo alipo monga mwa masiku onse.

Loweruka chipinda chinadzaza. Tinachita kunyamula mabenchi m'makalasi, akomiti ya makolo atakhala kutsogolo, ena ataima m'mawindo. Woyamba kuonetsa anali mtsikana wina wa zaka 12, wofatsa, uja m'kalasi saimika dzanja. Gemu yake inali ya nkhuku yoteteza anapiye kwa mphamba. Anapiyewo anawapanga ndi ma clone, njira yochulukitsira chithunzi chimodzi mu Scratch, anazimvetsa yekha atavutika nazo milungu ingapo, ndipo mawu othamangitsa mphamba anachita kuwajambula kwa agogo ake pa foni yanga. Agogowo anabwera wapansi kuchokera kutali, atavala chitenje chatsopano, kuti adzamve mawu awo akutuluka m'kompyuta.

Mwana anakhala pampando, n'kudina File, n'kudina Open, n'kulowa m'foda yake. Mbee. Anabwerera n'kulowanso. Mbee. Anandiyang'ana. Ndinati mwina walowa foda ina, ndinatenga mawusi ndekha, n'kuyang'ana kunja kwa Scratch, ndi pamene ndinaona kuti fayilo ilipo koma kumapeto kwake kwalembedwa .sb3. Ndinamva kuzizira m'mimba. Ndinathamangira pamakina achiwiri, achitatu, konse chimodzimodzi. Ndinasintha dzina la fayilo kuti lithere ndi .sb2, sinatseguke. Ndinayatsa hotspot ya foni, bandulo yanga yomwe, kuti titsegule Scratch 3 pa browser, koma inadandaula za WebGL, imene Scratch 3 imafuna kuti ionetse zithunzi pa browser, makinawo anali okalamba. Foni ya mnyamata uja inali yozima. Laputopu yokhayo imene ikanatipulumutsa anali atapita nayo. Thukuta linali kamukamu, ahedi akundinong'oneza kuti kodi zitheka, makolo ayamba kuyankhulana chapansipansi.

Kenako agogo aja anaimirira pang'onopang'ono, n'kundifunsa mwaulemu kuti, aphunzitsi, kodi mwanayu walakwitsa? Mwanayo anali atazolika, misozi ikugwera pa kiyibodi, osatulutsa mawu. Ndinayankha kuti ayi agogo, mwana sanalakwitse chilichonse, koma ndani akanamva? Makolo anaona mwana atakhala pakompyuta ndipo palibe chinatuluka. Tsikulo tinatha ndi ana kufotokoza magemu awo pakamwa, ataima kutsogolo ngati akulakatula ndakatulo.

Lolemba mnyamata uja anabwera akuseka, akuti Scratch 2 inatha kale, dziko lapita patsogolo, bwenzi tikumuthokoza. Kupepesa ayi. Mpaka lero sanapepese. Chimene chimandipweteka n'chakuti sanafunse. Ntchito sinali yake, miyezi sinali yake, koma anafufuta ngati akusesa zinyalala pabwalo. Anthu otere amakonda pulogalamu yatsopano kuposa mwana amene wakhala patsogolo pawo, ndipo akaononga amati vuto ndi inu osadziwa.

Opanga Scratch ku MIT Media Lab sindiwada, anali ndi chifukwa chomveka. Scratch 2, imene inatuluka mu 2013, pa intaneti inkadalira Flash, pulogalamu ya kampani ya Adobe, ndipo Adobeyo inalengeza mu Julayi 2017 kuti Flash idzatha kumapeto kwa 2020. Inathadi pa 31 Disembala 2020. Akanangokhala, magemu a ana a dziko lonse akanasiya kutseguka pa browser. Anailemba mwatsopano mu JavaScript, anatulutsa yoyeserera mu Ogasiti 2018 kuti anthu aione, ndipo Scratch 2 ya offline anaisiya kuti wofuna aitenge. Palibe amene anatiuza kuti tifufute chilichonse. Anafufuta ndi munthu wathu yemwe, wokhala ndi makiyi athu.

Mafayilo aja sanatayike ayi. Patapita masiku tinabwereka laputopu ya Windows 10, gemu ya anapiye inatseguka, mawu a agogo n'kumveka bwinobwino. Koma munalibe womvera. Mtsikanayo sanabwerenso kukalabu teremu yonseyo, ndinachita kupita kwawo kukamupempha.

Ndiye inu, choyamba koperani ma .sb2 onse m'malo awiri, flashi imodzi mukaisunge kunyumba, ndipo wina asaigwire. Yesani Scratch 3 pa kompyuta imodzi yokha, yofooka kuposa zonse, osati pa laputopu ya mlendo. Muone Windows imene muli nayo komanso ngati WebGL ikugwira. Ana adzakuuzani kuti mabuloko a Pen ndi a Music asowa, sanasowe, anawasamutsira ku Extensions, kabatani kapansi chakumanzere. Ngati muli ndi zipangizo zolumikiza kukompyuta za PicoBoard kapena LEGO WeDo yoyamba ija, mu Scratch 3 sizigwira. Ndipo musasinthe kanthu pakati pa teremu.

Komabe musakhalitse pa Scratch 2, apa ndinene zoona. Ine chifukwa cha mkwiyo ndinakakamira mpaka 2021, ndipo ndinawachedwetsa ana anga pachabe. Gemu iliyonse imene mungatenge pa webusaiti ya Scratch lero imabwera ili .sb3, zophunzitsira zatsopano zonse zithunzi zake n'za Scratch 3, ndipo imayenda pa tabuleti, chimene Scratch 2 sinkatha. Titapeza makina oyenera, ana anazolowera pasanathe mlungu, anandiposa ine. Ngati makina anu akukwanitsa, samukani tchuthi chikubwerachi, musadikire ngati ine. Kungoti kwathu kompyuta imodzi ya pakona ikadali ndi Scratch 2 mpaka pano, ndipo palibe amene ndimamulola kuikhudza.

Makiyi musapatse munthu aliyense. Achinyamata odziwa makompyuta timawafuna, popanda iwo makalabu athuwa sangayende, ine ndemwe pano ndili naye wina wabwino kwambiri, koma akamagwira makina ine ndimakhala pambali pake. Tandiuzani kuti makompyuta anuwo ali ndi Windows yanji komanso RAM yochuluka bwanji, ndikuuzeni poyambira.