Ku Bunda sizinatheke, ndiyambire kunazale?

Mtsikana wina wa ku Domasi wandilembera imelo. Mapointi a Fomu 4 sanamulole kulowa ku Bunda, koma mtima wake uli pa maluwa ndi mitengo yazipatso. Akufunsa ngati kukapempha kuphunzira ntchito ku Botanic Garden (munda wa zomera) ya ku Zomba n'kutaya nthawi.

Achemwali, pitani. Lembani kalata, mukaipereke pamanja ku National Herbarium and Botanic Gardens, likulu lake lili ku Zomba komweko (minda ina ili ku Lilongwe ndi ku Mzuzu). Nenani poyera kuti mukufuna kuthandiza kunazale, ngakhale osalandira kanthu miyezi yoyamba.

Musayembekezere kukafikira pa maluwa okongola aja anthu amajambulitsirapo zaukwati. Mukafikira pa wilibala, kusefa dothi, kulisakaniza ndi mchenga ndi manyowa, kenako kuthira m'machubu mpaka msana kuwawa. Ine nditayamba ntchitoyi ndinapha mbande bedi lathunthu ndi chikondi: keni m'mawa, keni masana, keni madzulo. Zinaola m'tsinde n'kugwa zonse. Bambo wina wachikulire amene ankatiyang'anira anangopisa chala m'chubu, n'kundionetsa matope, osanena kanthu.

Munthu wotereyo mumukakamire. Muone mmene amagwirira mpeni pomezanitsa mango, mmene amasongolera kanthambi, kukalowetsa pamng'alu makungwa n'kukumana bwinobwino, n'kumanga ndi kapulasitiki. Mufunse chifukwa chake lalanje amalimphatikiza pa tsinde la ndimu. Luso limeneli ndilo lidzakudyetseni, pakuti mtengo womezanitsa umabereka msanga ndipo mbande yake imagulidwa mokwera kuposa wofesa.

Chimene munda wa zomera umaposera nazale wamba ndi mayina. Wa ku Zombawu anauyambitsa Alexander Whyte mu 1891, ndipo dzina lake ndi lomwe lili pa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Mayina a Chilatini amatopetsa, inde, koma gulani kope: dzina lathu, dzina lasayansi, tsiku lofesa, tsiku lomera. Kopelo mukadzalionetsa pofunsira ntchito limalankhula kuposa pakamwa.

Sukulu musaitaye. Mukhoza kubwereza maphunziro amene anakuvutani uku mukugwira ntchito, kenako n'kuyesa dipuloma ku sukulu ya zaulimi ya Natural Resources College (NRC). Ngakhale ku Kew, munda wa zomera wotchuka wa ku London, dipuloma yawo ya zaka 3 amafuna anthu amene anagwirapo kale ntchito yam'munda. Popita ku Zomba mutenge magambutsi, kumagwa mvula yambiri kuja.