Alamu yodzitchera yokha usiku: musadule waya, achemwali

Achemwali, mwafunsa za alamu ya m'nyumba yomwe imadzitchera yokha usiku n'kudzutsa mwana ndi phokoso lake. Waya wa sayirini musaukhudze, ngakhale ena akulangizani kuti muudule. Mukaudula, bokosi la alamu limazindikira kuti sayirini yachoka, ndiye keypad, kabokosi ka mabatani komwe mumalembapo code, imayamba kulira kuti pali vuto, phokoso lomwe mukulithawalo n'kuwonjezekera. Mukatsegula chivundikiro cha sayirini, zina zili ndi kaswitchi ka tamper mkati, kozindikira kuti wina watsegula, kamatumiza uthenga ku kampani ya chitetezo nthawi yomweyo.

Alamu yanu ikamadzitchera 10 koloko usiku n'kudzutsa mwanayo, mverani kaye kuti phokoso likuchokera pati, chifukwa malo ake ndi atatu ndipo aliwonse amazimitsidwa mwa njira yakeyake. Pali kulira kwa keypad kowerengera nthawi alamu isanatchere. Pali kakulira kamodzi ka sayirini ya panja kotsimikizira kuti yatchera, amisiri amati bell squawk. Ndiye pali mawu a munthu wolankhula, pa ma alamu opanda mawaya aja, limodzi ndi mauthenga a pa foni.

Kuno ku Joni nyumba zambiri zili ndi Paradox, DSC kapena IDS, dzina limalembedwa pa keypad pomwepo. Ngati ndi Paradox ya mtundu wa MG kapena SP, dinani batani la CLEAR osachotsa chala kwa masekondi 6. Ikalira motsimikiza, keypad imeneyo yakhala chete. Keypad iliyonse mumaichita payokha, ndiye yambani ndi ya kufupi ndi kuchipinda cha mwana. Koma dziwani izi: keypad yotsekedwa pakamwa chonchi siliranso ngakhale alamu yeniyeni italira, mumangodalira sayirini basi. Pa DSC, *4 imazimitsa kulira kwa chitseko chikatsegulidwa kokha, sikhudza chenjezo la kudzitchera. Chenjezo limenelo, kutalika kwake, ndi bell squawk, zili m'chigawo cha amisiri chofuna installer code, code ya mmisiri woika alamu. Ngati yanu ndi yolankhula, lowani mu app yake pa foni, ku Settings, muyang'ane mphamvu ya mawu a zilengezo. Nthawi zambiri imakhala payokha, yosiyana ndi ya sayirini. Tsitsani ya zilengezo yokha.

Apa ndi pomwe amisiri ena amandikwiyitsa. Munthu wakuikirani alamu, ndalama walandira, koma installer code wapita nayo m'thumba. Auto-arm, kudzitchera kokha kuja, waiyatsa osakufotokozerani, kabuku sanakusiyireni, osafunsa n'komwe kuti m'nyumbamo muli khanda kapena pali wogwira ntchito usiku. Mukamuimbira kuti adzazimitse kakulira kamodzi, ntchito ya mphindi zisanu, akuti mulipire ya ulendo. Ndi nkhanza zimenezo. Amadziwa bwino kuti ambiri a ife tikukhala m'nyumba za lendi kapena kuseri kwa nyumba za mabwana, sitingakangane nawo.

Choopsa kwambiri chimabwera munthu akazimitsa chenjezo lonse n'kuiwala. Nthawi ikwana, alamu yatchera mwakachetechete, ma beam, masensa a panja ozindikira munthu akadutsa, ali maso. Mwana watentha thupi, mukutuluka ndi tochi ya foni kukatenga mankhwala m'galimoto, kapena bambo akuchokera ku ntchito mochedwa atsegula geti. Mungodutsa pa beam, sayirini ija ng'weee pamutu penipeni, agalu a mzere wonse kuyamba kuuwa, mwana kukuwa, inu manja akunjenjemera mpaka code kuilakwitsa kawiri. Foni ikulira, a ku control room ya kampani ya chitetezo akufuna password, ndipo mutu ukasokonezeka dzina lomwe munasankha lija limathawa. Mukalephera kulitchula amatumiza galimoto, anthu a mfuti akuwunika pa mpanda, inu muli pabwalo ndi chitenje chokha kufotokoza kuti mumakhala pompano. Kwa mlendo m'dziko la eni, mphindi zimenezo n'zowawa zedi. Zikachuluka, makampani ena amalipiritsa, ndipo aneba amazolowera, tsiku lomwe kwabweradi akuba palibe amasuzumira.

China choti muwonetsetse ndi mtundu wa katcheredwe. Usiku anthu ali m'nyumba, alamu iyenera kutchera pa Stay kapena Sleep, katcheredwe kokulolani kuyenda m'nyumba, osati kutchera nyumba yonse. Ikatchera yonse, masensa a m'kati amakugwirani popita ku bafa. Muuzeni mmisiri akuonetseni ma zone, zigawo za nyumba, omwe amakhala maso usiku, muwalembe pa pepala mumate pafupi ndi keypad.

Komanso osati kulira kulikonse kwa usiku ndi kwa auto-arm. Magetsi a Eskom kapena City Power akazima, kapena batire ya 12V 7Ah ya m'bokosi ikatopa, keypad imalira. Pa Paradox dinani TBL, pa DSC dinani *2, muone nambala yomwe yayaka. Ikayaka 8, wotchi ya alamu yasokonekera, ndipo zimachitika batire ikatheratu magetsi atazima nthawi yaitali. Wotchi ikasokonekera, 10 koloko ya alamu siikhalanso 10 koloko yanu, ikhoza kutchera masana ana akusewera panja. Pa DSC mumakonza ndi *6, master code (code yaikulu ya mwini alamu), kenako 1, n'kulemba ola ndi tsiku. Batire ikakhala yofufuma m'mbali kapena ikutha msanga, gulani ina, imapezeka m'masitolo a zamagetsi. Waya wofiira ku chofiira, wakuda ku chakuda. Musanatsegule bokosi, imbirani a control room aike alamu pa test, kuti asatumize galimoto.

Ndakuuzani mozimitsira, komabe ine ndingati musazimitse zonse. Tsekani keypad ya kuchipinda ndi bell squawk, ya kukhitchini isiyeni izilira. Kapena sunthani nthawi, itchere 8 koloko mwana asanagone ngati nonse mumakhala mutalowa. Ngati nyumbayo ndi ya abwana kapena a landilodi, auzeni kaye musanasinthe kanthu, chifukwa pangano ndi kampani ya chitetezo lili m'dzina lawo. Tajambulani keypad yanuyo munditumizire, tione kuti ndi mtundu wanji.