Kwa mphwanga, za geji ya mafuta ya galimoto ija

Eya mphwanga, funso lako ndaliona, ndangoti ndijambule mawu. Ukuti ka circuit ka Arduino (kakompyuta kakang'ono kaja) kamene wapangira geji kamanena kuti mafuta atha pamene thanki ili yodzaza, komanso ukaliza injini nambala zimangodumphadumpha. Amenewo ndi matenda awiri, usawaphatikize. Ndipo soldering iron ija uyiike kaye pansi.

Vuto loyambalo n'laling'ono. M'thanki muja muli float, kanthu koyandama pa mafuta, ikamakwera kapena kutsika imasintha resistance (ma ohm) ya sender, kachipangizo kotumiza muyeso wa mafuta ku geji, basi. Koma ma sender safanana. Ena amawerenga ma ohm 240 thanki ikauma, 33 ikadzaza. Ena, monga a kampani ya VDO, amayambira pa 10 kukwera mpaka 180, ndiye kuti amayenda motembenuza. Code yako munailembera mtundu wina, kapena unangoikopera, kaya. Zula waya wa sender, uike multimeter yoyeza ma ohm pakati pa waya wochokera ku sender uja ndi bodi ya galimoto, ulembe nambala mafuta ali ochepa, ukathira ulembenso. Kukonza kwake n'kusinthanitsa nambala ziwiri mu code.

Kudumphako ndiye kumafuna mtima. Batire ili phee imakhala cha pa ma volt 12.6, injini ikalira alternator imakankha mpaka cha ku 14. Ngati resistor ya pamwamba pa sender waidyetsa kuchokera pamenepo, geji yako ikuyeza batire, osati mafuta. Idyetse kuchokera pa 5V yomwe Arduino akugwiritsa ntchito. Mwachitsanzo, resistor ya ma ohm 220 pa sender ya 240 ndi 33 ija ikupatsa kuyambira ma volt 2.6 kutsika mpaka cha pa 0.65, pini ya Arduino sipsa. Ndiyeno funso langa: geji yakale ya pa dashboard unaichotsa pa waya ameneyo? Ngati ikadali pompo nayonso ikutumiza magetsi ake, ndiye zikulimbana ziwiri pa waya m'modzi. Ine ndikukayikira kwambiri pamenepa.

Earth uyionenso. Pa sender ya ma ohm ochepa chonchi, kadzimbiri pang'ono pa bawuti kamanamiza geji, makamaka ukayatsa nyali. Kokera waya wakewake kuchokera pa sender kufika pa GND (earth) ya Arduino, usadalire bodi.

Zikakhazikika koma pa mabampu n'kumagwedezekabe, amenewo ndi mafuta akukhavuka m'thanki, si vuto la waya. Code izitenga average ya masekondi angapo isanalembe pa sikirini. Thankinso si bokosi lolingana, theka la ma ohm si theka la mafuta, ndiye uzithira malita 5, n'kulemba, 5 ena, n'kulemba.

Aa, ndisaiwale. Usalumikize 12V molunjika ku sender, ndipo ngati utsegule thanki, chotsa kaye negative ya batire, ugwirire panja. Nambala ziwiri za pa multimeter zija unditumizire.