Yankho kwa achimwene amene afunsa za gulu la AC/DC

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati kuche kaye kuti ndiyankhe modekha. Mwati mwana wanu akumalizira bandulo pa nyimbo za AC/DC, ndiye mukufuna kudziwa komwe anthuwa anachokera, ngati n'zoona kuti woimba wawo anamwalira, komanso kuti akhala bwanji zaka zoposa 50 pamene nyimbo zawo zimamveka ngati imodzi yomweyo. Ine gululi ndinayamba kulimvera nthawi ya makaseti, ndipo ndimalikondabe mpaka lero.

Eni ake ndi a banja la Young, omwe anasamuka ku Glasgow m'dziko la Scotland kupita ku Sydney ku Australia mu 1963. Malcolm ndi mng'ono wake Angus anayambitsa gululi mu Novembala 1973, ndipo anaimba koyamba pa 31 Disembala chaka chomwecho pamalo azisangalalo otchedwa Chequers. Dzinalo linabwera ndi mlongo wawo Margaret, amene anaona zilembozo pa makina osokera. Zimanena za mitundu iwiri ya kayendedwe ka magetsi, basi. Zija mumamva zoti ndi dzina la usatana ndi nkhambakamwa, musavutike nazo mtima. Margaret yemweyo ndi amene anaganiza zoti Angus azivala yunifolomu ya sukulu poimba, ndipo munthuyo wafika pa imvi akuvalabe kabudula uja. Mkulu wawo George, yemwe anali atatchuka kale ndi gulu la Easybeats, ndiye ankawajambula zimbale zoyambirira limodzi ndi mnzake Harry Vanda.

Maso a aliyense amathamangira kwa Angus chifukwa ndi amene amaimba lidi, kuthamanga uku ndi uku, kudzigwetsa pansi gitala ili m'manja. Koma mzati wa nyumbayi anali Malcolm. Iye ankaima kumbuyo pafupi ndi ng'oma, gitala yake yakale ya Gretsch ili pamimba, mwendo ukugunda pansi. Nthawi yopolokoza ikakwana ankayenda pang'ono kufika pa maikolofoni, akatha n'kubwerera pamalo pake. Rizimu yake inali ya makodi atatu kapena anayi, koma chinsinsi chinali pa mipata imene ankasiya pakati. Amamenya, n'kudula phokoso lonse, kenako n'kumenyanso, ndipo pamene padulidwapo ndi pomwe mutu wanu umayamba kugwedera wokha. Iyeyo ndi amene ankagamula za gulu, wolowa ndani, wotuluka ndani. Mafashoni a nyimbo anabwera n'kupita, disiko, makiyibodi, nyimbo zolira zachikondi zomwe magulu ena a rock anathamangira m'ma 1980, iye osatekeseka. Ndiye mukati nyimbo zawo n'zofanana simunalakwitse. Anachita kusankha kuti zikhale choncho, ndipo ine ndimawalemekezera pomwepo.

Woimba woyamba anali Dave Evans, koma sanakhalitse. Mu 1974 analowa Bon Scott, nayenso wobadwira ku Scotland n'kukulira ku Australia, wamkulu kwa anyamatawo ndi zaka zingapo, wa mawu akuthwa ndiponso waluso polemba za moyo wa anthu osauka, ngongole, mowa ndi akazi. Mu 1976 gulu lonse linasamukira ku London, ndipo zimbale zinkangotsatana chaka ndi chaka: Let There Be Rock mu 1977, Powerage mu 1978, kenako Highway to Hell mu 1979, chimene chinawatsegulira msika wa ku America. Anzathu a ku Zambia muli m'gulu muno, pano pali panu. Amene anajambula chimbale cha 1979 chija, Robert John "Mutt" Lange, anabadwira ku Mufulira mu 1948 asanapite kukakulira ku South Africa. Iyeyo ndi amene anasalaza kamvekedwe kawo kuti kalowe pa wailesi popanda kukachotsa ukali.

Za imfa mwamvazo n'zoona. Pa 19 Febuluwale 1980, Bon Scott anapezeka atamwalira m'galimoto ku East Dulwich mumzinda wa London, atagonamo usiku wonse chifukwa cha kuledzera. Anali ndi zaka 33 zokha, ndipo ofufuza anati mowa ndi umene unamupha. Anamuika ku Fremantle, ku Australia. Anzakewo anaganizapo zongosiya zoimba, koma makolo a malemuyo anawalimbikitsa kuti apitirize. Anatenga Brian Johnson, mwana wa kufupi ndi Newcastle ku England, yemwe ankaimba m'gulu la Geordie, munthu wa chipewa uja mukumuona m'mavidiyo ambiri. Anapita naye ku situdiyo ya Compass Point ku Bahamas, Mutt Lange ali pomwepo, ndipo pa 25 Julayi 1980, patangotha miyezi isanu chichitikireni maliro, anatulutsa Back in Black. Chikuto chake n'chakuda bii pokumbukira Bon, ndipo chimbalecho chimayamba ndi belu lolira pang'onopang'ono ngati la pamaliro. Akuti chagulidwa makope pafupifupi 50 miliyoni, kutanthauza kuti chili m'gulu la zimbale zogulidwa kwambiri m'mbiri yonse ya nyimbo. Ndikamaganiza kuti anthuwa anaimba zimenezi misozi isanaume, thupi limachita tsembwe.

Chimbale cha 1981 chinafika pa nambala wani ku America, koma pakati pa zaka za m'ma 1980 zinthu zinazilala. Woimba ng'oma Phil Rudd anachoka mu 1983, zimbale zomwe anadzijambula okha sizinayende bwino, ndipo mu 1988 Malcolm anapuma kaye kuti athane ndi mowa, ataona kale zimene unachita kwa mnzake. Mwana wa mchimwene wawo, Stevie Young, anamugwirirako pa ulendo wokaimba wa chaka chimenecho. Gululi linadzukanso mu 1990 ndi The Razors Edge, mmene muli Thunderstruck, nyimbo imene ndikukhulupirira kuti ndi yomwe yakopa mwana wanuyo chifukwa imaseweredwa kwambiri m'mabwalo a masewero. Mu 2003 analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a nyimbo za rock, ndipo Black Ice ya mu 2008 inayenda malonda kwambiri.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Mu 2014 zinadziwika kuti Malcolm akudwala matenda oiwala, moti sakanathanso kukumbukira nyimbo zomwe anapeka yekha. Stevie analowanso m'malo mwake. Rudd, yemwe anali atabwerera m'gululi, anagwa m'milandu ku New Zealand. Mu 2016 madokotala anachenjeza Brian kuti akapitiriza agonthiratu, ndiye Axl Rose wa gulu la Guns N' Roses anamalizitsa ulendo wokaimba womwe anali atauyamba, ndipo woimba besi Cliff Williams anati wapuma. George anamwalira mu Okutobala 2017, Malcolm n'kutsatira pa 18 Novembala ali ndi zaka 64. Ambiri tinkati zathera pomwepo. Koma mu 2020 Angus anasonkhanitsanso Brian, Rudd, Williams ndi Stevie n'kutulutsa Power Up, ndipo nyimbo zonse m'menemo zinalembedwa dzina la Malcolm pambali pa la Angus, chifukwa zinachokera pa zomwe awiriwo anapeka kale n'kusunga. Mu 2024 anayendanso m'maiko a ku Ulaya, ng'oma ndi besi zili m'manja mwa anthu atsopano.

Mawu a nyimbo zina ndi olaula ndithu, ndiye ngati mwanayo ndi wamng'ono muyambe mwazimvera inuyo. Mukafuna kumva Malcolm amene ndikunenayu, pezani Powerage, muvale mahedifoni, Angus mumusiye kaye, mutchere khutu ku gitala ya rizimu yokha kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Mukamaliza mudzandiuze muno mmene mwazimvera.