Mafunso Anu: Kondowole wa Anthu 60 pa Tsiku la Mbiri

Funso: Ndife gulu lodzipereka la ku Linga, Nkhotakota. Tikukonza tsiku lokumbukira mbiri yakwathu, ndipo alendo 60 akamaliza kuona mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, tikufuna adye kondowole. Tikonzekere bwanji?

Yankho: Yambani kudakali masabata awiri. Pa anthu 60 ufa wa makilogalamu 12 ukwana, choncho kumbani chinangwa cha makilogalamu pafupifupi 50. Chisendeni, muchiviike masiku anayi kapena asanu mpaka chizifwanyika mukachitsina. Apa musafulumire: chinangwa chowawa chikavuulidwa msanga poizoni wake amatsalira, anthu amachita chizungulire ndi kusanza. Chiyanikeni pa thandala, osati pansi, chifukwa mchenga wa kunyanja ukalowa suchokanso ngakhale musefe. Chikapanda kuumitsa ufa umada ndi kununkha nkhungu.

Pophika iwalani za phala ngati la mgaiwa. Madzi awire kwambiri, thirani ufa, phulani, muvundule mwamphamvu, wina atagwira poto. Mpoto umodzi waukulu musauyese, mthiko umathyoka ndipo ufa umatsala wosapsa pakati. Miphika isanu ndi umodzi, uliwonse wa anthu khumi, ndi bwino. Ndiwo zake, usipa ndi chigwada chotendera basi.