Msonkho wa ku Czech amaupanga ndani?

Achemwali, mwafunsa kuti mukayamba kutumiza zitenje ndi mtedza wa makademiya kuno ku Prague, amene amakhazikitsa misonkho ndani, ndipo amaisintha kangati.

Wa pachipata si wa boma la kuno. Dziko lino linalowa mu European Union mu 2004, choncho dyute amaikambirana ku Brussels. Kontena ikaomboledwa ku Hamburg, lole imadutsa malire a Germany popanda dyute ina. Katundu wa ku Malawi salipira dyute, pansi pa dongosolo la European Union lothandiza mayiko osauka lotchedwa Everything But Arms, koma akhale wa ku Malawi weniweni. Chitenje chodindidwa ku China sichisanduka cha kwathu chifukwa choti mwachigula ku Limbe.

Chimene chimatiluma ife ndi cha mkati muno, ndipo chimachokera ku Nyumba ya Malamulo. VAT, imene kuno amati DPH, ndi 21 peresenti pa nsalu. Mpaka 2023 panalinso 15 ndi 10, aphungu anaziphatikiza kukhala 12 kuyambira Januwale 2024. Mtedza wanga unatsika kuchoka pa 15, ndipo chaka chatsopano chinandipeza ndikumata mitengo yatsopano pamapaketi, anzanga akuphulitsa makombola kunja.

Nyumbazo ndi ziwiri, zonse ku Malá Strana kumunsi kwa nyumba yachifumu yakale. Poslanecká sněmovna ili ndi aphungu 200 a zaka zinayi. Senát ili ndi 81 a zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka ziwiri zilizonse amavotera 27 mwa iwo. (Kwathu Senate inalembedwa m'malamulo a 1994, n'kufufutidwa mu 2001 isanakhale pansi n'komwe. Kuno anaichedwetsa mpaka 1996, koma anaikhazikitsa.) Bilu imayambira kwa aphungu 200 aja. Senát imapatsidwa masiku 30, ikaibweza aphungu 101 amatha kuikankha momwemo. Pulezidenti, panopa Petr Pavel, ali ndi masiku 15 oti akane kusaina, ndipo nayenso amagonja kwa 101 omwewo. Bajeti Senát siigwira n'komwe. Mano ake amaoneka posintha malamulo aakulu a dziko ndi a zisankho, pamene palibe chodutsa popanda iyo, komanso povomereza oweruza 15 a khoti la malamulo aakulu ku Brno. Kwa wamalonda, nambala yoyang'ana ndi 101. Ngakhale boma limaima kapena kugwa ndi nyumba ya aphungu 200 yomweyo.

Chinandiphunzitsa ndi EET. Andrej Babiš ali nduna ya zachuma anabweretsa lamulo limeneli, loti malonda olipidwa ndi ndalama pamanja azipita pa intaneti ku ofesi ya misonkho nthawi yomweyo, lisiti n'kutuluka ndi nambala yake. Malesitilanti anayamba mu Disembala 2016, ife amashopu mu Malichi 2017. Ndinagula kamashini, ndinkalipira intaneti mwezi ndi mwezi, netiweki ikavuta kasitomala n'kumagogoda kauntala ndi makoruna ake, ndalama za kuno. Kumapeto kwa 2017 khoti la ku Brno linathyola zigawo zina za lamulolo, koma lenilenilo linatsala. Analiimitsa nthawi ya Covid, kenako boma la Petr Fiala litapeza aphungu okwanira linalithetseratu kuyambira Januwale 2023. Amalonda a ku Vietnam a kumsika wa Sapa kuno ku Prague, kumene ndimagula matumba, sanalire maliro ake.

Kamashiniko sindinataye. Chipani cha Babiš chinapambana chisankho cha Okutobala 2025 chikulonjeza kubwezeretsa EET, ndiye kali m'dirowa ndi chingwe chake.

Inu yambani ndi zikalata zosonyeza kumene mtedzawo unalimidwa. Za mbali ya kuno, laisensi ya malonda ndi nambala ya EORI, yondizindikiritsa ku kasitomu ya European Union, ndili nazo kale. Munditumizire kulemera kwa makatoniwo Lachisanu lisanafike kuti ndifunse mtengo wa sitima.